Sabata imodzi ku Lusaka, kumene makina a m'zipatala amagulitsidwa ndi kukonzedwa

Lolemba

Basi yanyamuka ku Chipata kusanache ndipo yatitula pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ku Lusaka dzuwa litapendeka. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 570 mu Great East Road, kudzera ku Katete, Petauke ndi Nyimba, kuwoloka mlatho wa Luangwa, kenako mapiri mpaka ku Chongwe. Uno ndi Okutobala. Maluwa a jakaranda angoti mbwee m'misewu, ndipo fumbi lili paliponse. Fumbi ndi kutentha tizitchula kawirikawiri sabata ino, chifukwa makina ambiri a m'zipatala zathu amafa nazo.

Tabwera amisiri atatu. Tiyendera makampani ogulitsa ndi kukonza makina a m'chipatala, tigula zipangizo, ndipo madzulo aliwonse tizilemba zimene taona kuti anzathu a m'zipatala za m'maboma apindule nazo.

Kwa amene akukonzekera ulendo ngati uno, choyamba ndi ichi. Jambulani kachitsulo kolembedwa kamene kamakhala kumbuyo kwa makina aliwonse. Pamenepo pali dzina la opanga, nambala ya mtundu wa makinawo, nambala yakeyake, ndi mphamvu ya magetsi imene amafuna. Wogulitsa wodziwa ntchito amayamba wafunsa manambala amenewa asanapite kushelefu. Ndipo ngati chipangizo chakufacho n'chonyamulika, chinyamuleni. Labala ya chitseko cha autoclave, makina ophera tizilombo pa zida ndi nthunzi, ikasiyana ndi yeniyeni mamilimita awiri okha, nthunzi imatuluka, ndipo ulendo wonse wapita pachabe.

Lachiwiri

Tsiku lonse tathera pa mpweya wa okosijeni. M'mawa tinali m'dera la mafakitale kufupi ndi Lumumba Road, pa kampani ina imene ili ndi malo ake okonzera makina opanga mpweya, aja timawatchula kuti concentrator. Tinapeza makina ambiri atandandalikidwa pansi, zivundikiro zili pambali, ena atachokera kutali kwambiri.

Kuti munthu amvetse matenda a makinawa, ayambe wadziwa kagwiridwe kake. Mpweya umene tonse timapuma uli ndi okosijeni magawo 21 pa 100, pamene magawo 78 ndi nayitirojeni. Kompuresa imayamwa mpweyawu n'kuukankhira m'timabotolo tiwiri tachitsulo todzaza ndi timibulu totchedwa zeolite. Timibuluti timagwira nayitirojeni n'kulola okosijeni kudutsa. Botolo limodzi likamagwira ntchito, linzake limakhala likutaya nayitirojeni imene lagwira, ndipo amasinthana pakapita masekondi ochepa. Kuja mumamva makina akuti fuu, fuu, ndi kusinthana kumeneko. Makina abwino amatulutsa mpweya wokhala ndi okosijeni magawo 90 mpaka 96 pa 100. Akatsika pansi pa 82, asamangidwenso kwa wodwala.

Mmisiri wamkulu wa pamalopo, bambo aimvi amene anyamata awo amawatchula kuti a mudala, anatsegula botolo limodzi ife tikuona, n'kukhuthulira pa nyuzipepala. Timibulu tamoyo timakhala tolimba, tobulungira ngati mapira. Zimene zinatuluka zinali ngati ufa woyera, mwina mutaumbana ngati mchere wonyowa. "Achimwene, apa si fumbi ayi, apa ndi madzi," anatero. Zeolite imakonda madzi kuposa nayitirojeni, ndipo ikamwa chinyezi sibwereranso. Madziwo amalowa njira ziwiri. Yoyamba ndi kabotolo konyowetsa mpweya kaja: kakadzazidwa kupyola mzere, kapena timapaipi take tikalumikizidwa mosemphana, madzi amabwerera m'makina. Yachiwiri ndi kusunga makina m'sitolo miyezi yambiri nthawi ya dzinja osawayatsa. Concentrator yosungidwa iziyatsidwa maola angapo sabata iliyonse, ngakhale palibe wodwala.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi kampira kaja ka mugalasi. Anamwino ambiri akaona kampira kakwera pa 2 kapena pa 5 amakhazikika mtima. Komatu kampirako kamangoonetsa kuchuluka kwa mpweya umene ukutuluka, sikanena ngati mpweyawo ndi okosijeni. Makina okhala ndi zeolite yakufa amakweza kampira bwinobwino uku akumupatsa mwana mpweya wamba. Chipatala chilichonse chokhala ndi concentrator chikhale ndi kachipangizo koyezera okosijeni, ndipo ife tikuona kuti ndi bwino kugula makina anayi ndi choyezera kusiyana ndi makina asanu opanda choyezera.

Kayezedwe kake nako. Yatsani makina, muwasiye mphindi 10 kuti akhazikike. Yezani pa malita 2 pa mphindi, mulembe. Kwezani mpaka pamapeto a mphamvu yake, 5 kapena 10, muyezenso. Ngati pa 2 zili bwino koma pa 5 zatsika, musathamangire kugula mabotolo atsopano. Yambani mwapaka madzi a sopo m'malo onse olumikizira timapaipi kuti muone ngati pakutuluka thovu, kenako yang'anani sefa ya mkati, kenako mphamvu ya kompuresa. Mabotolo ndi omaliza, chifukwa ndiwo okwera mtengo.

Sefa yakunja, ija yonga siponji, ichapidwe sabata iliyonse ndi madzi a sopo, itsukuluzidwe, iume gwa isanabwezeredwe. Nthawi ya fumbi ngati ino, kawiri pa sabata. Gulani ziwiri pa makina aliwonse kuti ina ikamauma ina ikhale pa ntchito. Imene tinaiona lero inali yofiira psuu, yolimba ngati chikumba, ndipo kompuresa ya makinawo inali itapsa chifukwa chosowa mpweya woiziziritsa. Makina asagunde khoma kapena katani: siyani mpata wa masentimita 30.

Masana tinacheza za masilinda. Makampani odzaza mpweya, monga Afrox, alipo, ndipo chiyambire mliri wa COVID-19 zipatala zina zazikulu zinaikiridwa makina awoawo opangira mpweya. Koma masamu a silinda aliyense awadziwe. Silinda yaikulu ija yofika m'mapewa imasunga malita pafupifupi 6,800 ikadzaza. Wodwala wamkulu wolandira malita 5 pa mphindi amaimaliza maola 23 asanakwane. Mwana wolandira lita imodzi angathe kukhala nayo masiku anayi ndi theka, ngati palibe pamene pakudontha. Chipatala chimene chili tsiku lathunthu kuchokera kodzazitsa chiwerengere masiku a pamsewu.

Pogula regulator, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya mpweya wotuluka mu silinda, onetsetsani pakamwa pa silinda yanu, chifukwa pali mitundu iwiri yosalowana: ina imapotokoleredwa mkati, ina ili ndi timapini tiwiri. Mafuta aliwonse, girizi ngakhale mafuta odzola m'manja, asakhudze pakamwa pa silinda, chifukwa akakumana ndi okosijeni wopanikizidwa amayaka. Tsegulani vavu pang'onopang'ono, nkhope ili kumbali. Silinda yoimirira imangidwe ndi tcheni kukhoma.

Lachitatu

Lero kunali kwa ogulitsa makina a mu labotale. Ofesi zawo n'zozizira, zowala, zosiyana kwambiri ndi kumene tinali dzulo, ndipo nkhani zake n'za mapepala kuposa sipanala.

Tinayamba ndi GeneXpert, makina a kampani ya Cepheid oyezera chifuwa chachikulu, amene bungwe la WHO linawavomereza mu 2010. Makhololo amasakanizidwa ndi mankhwala ake, magawo awiri a mankhwala pa gawo limodzi la makhololo. Amakhutchumulidwa, n'kudikira mphindi 15, ndi kukhutchumulanso kamodzi pakati pa nthawiyo. Kenako mamililita 2 amathiridwa mu katiriji, kabokosi kapulasitiki kogwira ntchito kamodzi kokha, n'kulowetsa m'makina. Maola awiri asanathe, zotsatira zatuluka, zonena ngati kachilombo kalipo komanso ngati kakukana mankhwala a rifampicin.

Makinawa sakonda kutentha kopyola madigiri 30, ndipo makatiriji amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 28. Chipinda cha malata mu Okutobala chimapyola pamenepo masana aliwonse. Ndiye makina oziziritsa chipinda (AC) akafa mu labotale, musaione ngati nkhani ya kukoma kwa ogwira ntchito. Makina akuluakulu ayamba kale kudwala. Zolakwika zambiri zimene makinawa amalemba zimachokera m'manja mwa anthu. Makhololo akakhala olimba kwambiri chifukwa sanasungunuke bwino, makina amakanika kuwakoka ndipo katiriji imatayika. Akathiridwa osakwana mamililita 2, chimodzimodzi. Magetsi akathima kuyeza kuli pakati, katirijiyo yapita, ndipo wodwala amene mwina wabwerera kale kumudzi ayenera kuitanidwanso. N'chifukwa chake UPS yake, batire yogwirizira makina magetsi akathima, ikhale yotha kuwasunga mpaka kuyeza kuthe, osati ya mphindi 10 ya kompyuta ya mu ofesi. Chaka chilichonse zipinda zake zoyezera zimafunika kupimidwa ngati zikulondolabe. Timasefa ta kumbuyo, kumene kuli fani, tichotsedwe fumbi mwezi uliwonse.

Makina owerenga magazi nawo ali ndi zawo. Amayenda ndi mankhwala atatu: osungunula magazi, oswa maselo ofiira, ndi otsuka. Magazi amadutsa pa kabowo kakang'ono kosaoneka bwino ndi maso, ndipo kambulu kamodzi ka magazi oundana kamatseka pamenepo. Gwero lake nthawi zambiri lili ku wodi: kabotolo ka chivundikiro chapepo kayenera kutembenuzidwa modekha kasanu ndi katatu kapena kakhumi magazi akangolowa, osati kuikidwa m'thumba la yunifolomu n'kukatembenuza pofika ku labotale.

Tsopano nkhani ya mgwirizano. Makampani ambiri amapereka makina osalipiritsa, kapena pa mtengo wotsika, bola chipatala chizigula mankhwala kwa iwo okha kwa zaka zingapo. Makina ambiri a masiku ano sawerenga mankhwala a kampani ina, choncho mukasankha makina mwasankhanso wokugulitsani mankhwala. Walira mvula walira matope. Mgwirizano wotere si woipa, ndipo nthawi zina umapulumutsa chipatala, chifukwa kampani imadziwa kuti makina akaima nayonso ndalama zaima. Koma musanasaine funsani: makina akafa, mmisiri afika m'maola angati, ndipo zalembedwa pati? Mtengo wa ulendo wake alipira ndani? Mankhwala akafika, atsala ndi miyezi ingati kuti athe mphamvu? Kodi pali chiwerengero chimene tiyenera kugula mwezi uliwonse ngakhale odwala achepe? Labotale yoyeza anthu 20 pa tsiku ikatenga makina opangidwira anthu 200, mankhwala ambiri amathera kutsuka makina m'mawa ndi madzulo, ena amatha mphamvu botolo lili theka.

Ndipo pemphani kuona shelefu ya zipangizo ndi maso anu. Kampani ina inatilowetsa m'chipinda chake n'kutionetsa mapampu, timapaipi ndi mavavu zili m'mabokosi olembedwa. Ina inatiuza kuti chilichonse imaitanitsa kunja chikafunika. Kwa chipatala cha kumudzi, kusiyana kwa ziwirizi ndi masiku atatu kapena miyezi iwiri makina ali zii.

Lachinayi

Autoclave. Makina opanda ulemerero, koma akaima, fiyeta yaima, ndipo amayi oyembekezera ayamba kutumizidwa kwina.

Mzinda wa Lusaka unamangidwa pa miyala ya laimu, ndipo madzi a m'mijigo yambiri kuno ndi olemera ndi laimu ameneyu. Amisiri a kuno amawadziwa bwino matenda ake. Pa kampani imene tinapitako m'mawa anatisonyeza chitsulo chotenthetsera madzi chimene anachotsa mu autoclave ya chaka chimodzi chokha. Chinali chitakutidwa ndi chikhungwa choyera, chokhuthala ngati chikhadabo cha chala chachikulu, chomveka khoko ukachigogoda. Chikhungwachi chimatsekera kutentha mkati, chitsulocho chimatentha mopyola n'kung'ambika. Laimu yemweyo amatseka timapaipi, amaumitsa vavu yotetezera, ndipo amasiya madontho oyera pa zida. Mankhwala ake ndi madzi osungunulidwa kuchokera ku nthunzi, kapena osefedwa ndi makina ochotsa mchere. Pogula autoclave, mtengo wa makina okonza madzi ulowe mu bajeti yomweyo. Mukawasiyira chaka chamawa sadzagulidwa.

Manambala ofunika ndi awa. Pa madigiri 121, zida zosakulunga zimafuna mphindi 15 mpaka 20, zokulungidwa mu nsalu mphindi 30. Pa madigiri 134, m'makina amene amayamba ayamwa mpweya wonse, mphindi 3 mpaka 4 zimakwana. Nthawi imayamba kuwerengedwa kutentha kukafika, osati makina akayatsidwa.

Pali chinthu chimene amisiri ambiri sachiganizira, ndipo chikukhudza Lusaka, Chipata ndi Lilongwe yemwe. Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja ya mchere. Kuno madzi amawira pa madigiri 96, osati 100. Ma autoclave ang'onoang'ono onga mphika, aja oika pa moto kapena pa mbaula ya magetsi, amayendera geji ya mphamvu ya nthunzi. Geji ikaloza 15 psi ku Dar es Salaam, mkati muli madigiri 121. Ikaloza 15 yemweyo kuno, mkati muli madigiri pafupifupi 118 kapena 119. Madigiri awiri kapena atatu amaoneka ochepa, koma pa kupha njere za tizilombo zolimba zija ndi ambiri. Choncho kumtunda kuno nthawi iwonjezeredwe molingana ndi buku la makinawo, ndipo pogula makina atsopano sankhani oyeza kutentha kwenikweni, ndi kuuza woika makina kutalika kwa malo anu.

Mdani wina ndi mpweya wotsalira mkati. Nthunzi ndiyo imapha tizilombo, ndipo pamene pali thumba la mpweya nthunzi sifika. Mu mphika uja, siyani vavu yotsegula mpaka nthunzi ituluke mosadukiza kwa mphindi zingapo, kenako mutseke. Zida zisapanikizane. Mabeseni agonekedwe chammbali. Masizasi ndi zopanira zilowe zotsegula.

Tepi ija yosintha mtundu imangonena kuti mtolo walowa mu nthunzi, sinena kuti zida zayera. Chotsimikizira ndi timabotolo tokhala ndi njere za kachilombo kolimba kotchedwa Geobacillus stearothermophilus, timene timaikidwa pakati pa katundu n'kukafungatiridwa pambuyo pake. Tagulako bokosi limodzi. Tagulanso malabala a chitseko anayi, ndipo tapempha kuti atipimire ndi yakale ija tinanyamula.

Lachisanu

M'mawa mapepala, masana magetsi.

Bungwe la ZAMRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, ndilo limapereka zilolezo kwa oitanitsa ndi ogulitsa mankhwala ndi zipangizo za chipatala mu Zambia. Wogulitsa aliyense mumupemphe chilolezo chake, muone ngati chikadali ndi mphamvu. Zipatala za boma zimalandira katundu wambiri kudzera ku ZAMMSA, bungwe la boma logula ndi kugawa mankhwala limene linalowa m'malo mwa Medical Stores Limited, choncho musanagule chinthu kunja yambani mwafunsa ngati sichili pa mndandanda wa kumeneko. Makina a X-ray ali ndi njira yawoyawo: amafunika chilolezo cha Radiation Protection Authority, ndipo chipinda chake chiyenera kukonzedwa makina asanafike.

Za makina a mphatso tinene mosabisa. Magetsi athu ndi a 230 V, 50 Hz. Makina ochokera ku America ndi a 110 mpaka 120 V, 60 Hz. Thiransifoma imatsitsa mavoliti koma sisintha nambala yachiwiriyo, ndiye mota yopangidwira 60 imazungulira mochedwa, imatentha, ndipo concentrator yotere singafike pa mphamvu imene inalembedwa. Opereka mphatso amakhala ndi mtima wabwino, ndipo ulemu wathu kwa iwo ndi kuwatumizira mafunso katundu asanakwere sitima: magetsi ake ndi otani, buku lake lilipo, zipangizo zake zimapezeka kwa yani kuno.

Chilala cha 2024 chinatsitsa madzi a ku Kariba, magetsi n'kumathima maola ambiri pa tsiku, ndipo ogulitsa sola ndi mabatire achuluka mu Lusaka. Tinayenda m'masitolo angapo ku Kamwala ndi mu Cairo Road. Musanagule, chitani masamu. Concentrator ya malita 5 imadya mawati pafupifupi 350. Usiku wa maola 10 ndi 3,500 Wh (mawati kuchulukitsa ndi maola). Batire ya 12 V, 200 Ah imasunga 2,400 Wh, koma ngati ndi ya mtovu mumagwiritsa theka lokha kuti ikhalitse, ndiye 1,200. Mabatire atatu akuperewera pang'ono mukawerengera zotayika mu inverter, chipangizo chosintha magetsi a batire kukhala onga a m'nyumba; pamafunika anayi pa makina amodzi. Inverter ikhale ya pure sine wave, ndipo mphamvu yake ipose kawiri kapena katatu ya makinawo, chifukwa kompuresa imakoka kwambiri poyamba. Magetsi akamabwerera atathima ndi pamene mabodi ambiri a zamagetsi a m'makina amapsa, choncho makina okwera mtengo akhale ndi kachipangizo kochedwetsa kuyaka. Waya wopita m'nthaka naye ayezedwe. Nthawi ya chilimwe dothi likauma, mphamvu yake imachepa.

Tamalizira kwa ogulitsa mafiriji a katemera. Katemera amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Anthu amaopa kutentha, koma kuzizira kopyola kumaononga mwakachetechete: katemera wa pentavalent, wa kafumbata ndi wa hepatitis B akaundana amatha mphamvu, ndipo kabwalo kaja ka pa botolo sikasintha mtundu chifukwa kamangomva kutentha. Mukakayikira, tengani botolo lina la gulu lomwelo, muliundanitse dala, lisungunuke, kenako mukhutchumule onse awiri masekondi 10 mpaka 15 n'kuwaimika pamodzi powala. Ngati lokayikitsalo likudikha msanga ngati loundanitsidwa dala lija, musabaye nalo mwana. Mafiriji a sola opanda batire, amene amasunga kuzizira mu madzi oundana a m'makoma ake, achotsa vuto lalikulu la mabatire akufa. Chotsala ndi kupukuta magalasi a sola, makamaka mwezi uno.

Loweruka

Kulongedza. Makatiriji ndi timabotolo ta autoclave takwera nazo mkati mwa basi, chifukwa kunsi kumene kumaikidwa katundu kumatentha ndi injini ndi phula. Magazi opimira makina, amene amafuna madigiri 2 mpaka 8, ali mu kabokosi kozizira. Mapaketi a ayezi tawasiya kaye patebulo mpaka atachita thukuta ndi kumveka madzi mkati powagwedeza, kenako taika katoni pakati kuti asakhudze timabotolo. Mabotolo awiri a zeolite akadali ndi zotsekera zake ku mapeto onse awiri, ndipo zidzachotsedwa pa mphindi yolumikiza. Malabala a chitseko tawagoneka osapinda, pansi pa chikwama.

Kondakitala anafuna kuponya kabokosi kozizira kunsi pamodzi ndi matumba a anyezi. "Pepani atate, umu muli za odwala, kakhale pamiyendo," tinatero, ndipo anavomera.

Lolemba tiyamba ndi ku wodi ya ana. Concentrator iliyonse idzayezedwa pa malita 2 ndi pamapeto a mphamvu yake, ndipo nambala ndi tsiku zidzalembedwa pa tepi yomatidwa pamwamba pa makinawo, pamene namwino wa usiku angathe kuwerenga ndi tochi.